Chipatala cha Dzanja Lofewa

Nazilembo ankagwira ntchito kuseri kwa sitolo ya matayala, m'shedi yaitali ya malata imene inkanunkha penti, guluu ndi tiyi wogonera. Munthu wolowamo koyamba mutu unkamuzungulira. Pakhoma panatsamira chikwangwani cha polisi, pambali pake cha kometera tsitsi, kenako cha siteshoni ya sitima, cha malo omwera mowa ndi cha sukulu ya atsikana, zonse phewa ndi phewa ngati anthu odikira basi. Koma malo onsewo munthu akanawafuna mpaka nsapato kutha osawapeza. Nazilembo ankalemba zikwangwani za m'mafilimu ndi m'masewero a pa kanema. Dzina limeneli anamupatsa ndi anthu ojambula, amene dzina lake lenileni linkawavuta kusunga koma dzanja lake sankaliiwala.

Ntchitoyi inali ndi malamulo ake, osiyana ndi a chikwangwani cha mumsewu. Dzina lililonse linkayenera kukhala lopeka, ndipo a filimu ankayamba afufuza kuti kulibe sitolo kapena kampani yeniyeni yotchedwa choncho, kuopa milandu. Penti wonyezimira sankamulola, chifukwa magetsi ojambulira akamuwomba amathobwa kamera m'maso. Thabwa linkafunika lopepuka, loti anthu awiri n'kulikweza m'mawa, madzulo n'kulitsitsa osasiya bala pakhoma la eni ake. Koma pamene panagona luso la Nazilembo panali pokalambitsa. Akamaliza kulemba zilembo zoongoka ngati asilikali a pa perete, ankazitembenukira ndi sandipepa, n'kumazikhula m'makona mmene dzuwa ndi mvula zikanadyera. Ankatsanulira tiyi wakuda bii kuti atsike ngati madzi a padenga, n'kujambula dzimbiri pansi pa msomali uliwonse, ngakhale pamene msomali panalibe. Chikwangwani chobadwa kumayambiriro kwa sabata chinkatuluka m'shedimo sabata isanathe chili nkhalamba ya imvi.

Wodula ndi kukhoma matabwa anali mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, kalipentala wa pakamwa posatseka. Iyeyu ankakonda kuuza alendo kuti m'tauni monse iye ndi alamu akewo ndiwo okha amene amapatsidwa ulemu chifukwa chowononga zinthu zatsopano.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaseka nthabwala imeneyi, bambo ake a Nazilembo. Mkuluyo analemba zikwangwani za masitolo moyo wake wonse mpaka manja atayamba kunjenjemera, ndipo ndi iye amene anaphunzitsa mwana wake kugwira bulashi. Za ntchito ya mafilimuyi sanamudzudzulepo, komanso sanamuyamikirepo. Pa kanema chikwangwani chimangoti phethi kumbuyo kwa wosewera, ndipo maso a munthu wokalamba sathamanga choncho. Akamuuza kuti icho chadutsacho n'cha mwana wanu, ankangoti, "Chabwino," n'kuyamba kufunsa za adzukulu. Nazilembo anali mayi wa ana akuluakulu, anthu a makamera ankamuimirira akamalowa, koma "chabwino" ameneyo ankamubaya ngati kamwala ka m'nsapato.

Tsono kunabwera ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo. Filimu ina inkafuna chipatala chaching'ono chakale. Eni filimuyo anabwereka nyumba yosungiramo katundu imene inangokhala yosagwiritsidwa ntchito pamphambano ina ya piringupiringu, ndipo kumaso kwake kokha ndiko kunayenera kusanduka chipatala, poti zam'kati anali atajambula kale kwina. Amene anabweretsa ntchitoyi anali mayi woyang'anira maonekedwe a malo ojambulira, yemwe onse ankamutcha Mayi Changu chifukwa ngakhale madzi ankamwa akuyenda. Anati akufuna chikwangwani choti munthu akachiona amve fungo la mankhwala.

Nazilembo anaikapo mtima wake wonse. Pathabwa lalitali kuposa pikiapu yake analembapo kuti CHIPATALA CHA DZANJA LOFEWA, m'munsi mwake n'kulembamo timalemba tating'ono takuti Ngozi ndi matenda adzidzidzi, khomo ili, ndi muvi woloza chitseko. Mtanda wobiriwira wa pakona anaufufutitsa mbali imodzi, ya kotulukira dzuwa. Pamwamba anadonthezapo laimu wosakaniza ndi phulusa, moti mlamu wake atalowa anayang'ana kudenga kufuna nkhunda zimene zachita zimenezo. Analembanso kathabwa ka nthawi yoonera odwala, n'kukapachika mopendekera pang'ono, poti chinthu chimene chakhala zaka pakhoma sichiima chilili.

Tsiku lojambula msewu unatsekedwa, alonda akubweza anthu ndi magalimoto. Nazilembo anaima kumbuyo kwa zingwe za magetsi, manja atapinda pachifuwa, akuonerera nyumba ya fumbi ija itasanduka chipatala chimene chaona imfa ndi kubadwa kwa anthu ambirimbiri. Mkulu wa filimuyo, munthu wouma pakamwa pa nkhani yoyamikira, anachoka pa mpando wake kudzamugwira chanza ndi manja awiri. Mayi wina wogulitsa zipatso anafunsa mlonda kuti kodi chipatalachi chakhala pano nthawi yonseyi iye osachiona bwanji, ndipo onse amene anamva anafa nacho chiseko. Nazilembo sanaseke mokweza, koma mumtima mwake munkalira ng'oma.

Dzuwa litapendeka anamaliza kujambula. Mayi Changu, akuthamangira kumalo ena kumene ankakajambula mawa lake, anakumbutsa Nazilembo lamulo limene onse ankalidziwa, lakuti chikwangwani cha filimu sichitsala pamsewu makamera akachoka. Nazilembo anavomera ndi mutu. Koma magalimoto a filimu atangokhota pakona, iye anauza mlamu wake kuti abweze makwerero m'pikiapu. Bambo ake, amene ankakhala kwa mchimwene wake kunja kwa tauni, ankabwera mkuja kudzacheza. Kwa nthawi yoyamba akanaona ntchito ya mwana wawo itaima pakhoma lenileni, padzuwa lenileni, popanda woithamangitsa.

Mlamu wake anakanda kumutu. Nthabwala zinali zitamuthera. Anati alonda apita, msewu watsegulidwa, ndipo mawa pano padutsa anthu amene sadziwa kuti kunali filimu.

"Alamu, tiyeni tichitsitse, tikachiimike kushedi. Bambo akachionera komweko," anatero.

"Kushedi n'thabwa chabe. Pano ndiye chipatala," anayankha Nazilembo.

"N'chimene chikundiopsa inenso."

Anapempha kuti mwina angochiphimba ndi lona. Nazilembo anakana, nati lona likhula laimu ndi tiyi zimene iye wagwadira sabata yathunthu. Anawonjeza kuti chitseko chili ndi loko wamkulu ngati chibakera, ndipo palibe munthu wamaso ake angalakwitse. Kalipentala uja ankawadziwa alamu akewo kuti akaponda mwala sasuntha. Ananyamula makwerero n'kuwaponya m'galimoto mosaonetsa kukondwa.

Tsiku la mkujalo litafika, Nazilembo anavala diresi lake loyera la maluwa abuluu, limene ankasungira maukwati. Anakatenga bambo ake pokwerera basi, mlamu wake akuyendetsa, ndipo sanawauze kumene akupita. Ataima pamphambano paja anawatsitsa mwaulemu, n'kuwaimika tsidya lina la msewu pamthunzi.

Mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anawoloka msewu pang'onopang'ono ndi ndodo yake, nakaima pansi penipeni pa chikwangwanicho. Anachiyang'ana cha m'mbali, mmene amachitira amisiri pofuna kuona ngati mzere wathawa. Anatambasula dzanja kukhudza kathabwa kopendekera kaja, napaka chala pa dzimbiri, n'kuchiyang'ana chalacho. Chinali choyera. Nazilembo anaona milomo ya bambo ake ikuyamba kusuntha.

Mawuwo sanatuluke. Njinga yamoto inatulukira pakona ikuliza hutala mosalekeza, n'kudzaima mwamphamvu pakhomo penipeni pamene muvi unkaloza. Kumbuyo kwa woyendetsayo kunali bambo wovala ovolosi, atamangiriridwa kumsana kwa mnzakeyo ndi nsalu kuti asagwe, mutu uli lende. Mwendo wake wamanja unali wofiira kuyambira m'ntchafu mpaka ku nsapato, ndipo magazi ankadontha pa fumbi. Wanjingayo anakuwa kuitana anamwino. Anamasula nsalu ija, namugoneka munthuyo pansi, n'kuthamangira kuchitseko kukamenya ndi zibakera zonse ziwiri. Ataona loko anasuzumira pa mng'alu. M'katimo munali mdima, matumba akale ndi akangaude.

Anatembenuka nkhope itasokonezeka. Mawu akuphuma anafotokoza kuti munthuyu ndi wowotcherera zitsulo, chimbale cha makina odulira chaphulika n'kumung'amba ntchafu. Iye wasiya njira ya kuchipatala chachikulu dala, chifukwa dzulo lake anadutsa pano n'kuona kuti pali china chapafupi.

Manja amene azolowera ntchito sadikira kuti mutu uyambe walira. Nazilembo anathamangira ku pikiapu, nakoka lamba womangira matabwa, n'kumuzengereza pantchafu pamwamba pa balalo. Analowetsa mpini wa bulashi yaikulu pa mfundo, napotokola mpaka wovulalayo anabuula ndipo magazi anachepa. Nsalu zoyera zimene ankasungira kupukutira zilembo anazitsindira pabalapo ndi bondo lake. Mlamu wake ndi wanjinga uja anamunyamula munthuyo kumuika kumbuyo kwa galimoto, Nazilembo n'kukwera naye osachotsa dzanja.

Anaitana bambo ake kuti akwere kutsogolo. Mkuluyo anapukusa mutu.

"Pitani. Ine nditsala pano, pangabwerenso wina."

Ulendo umenewo Nazilembo sanauiwale. Wanjinga anatsogola akuliza hutala kupatula magalimoto, mlamu wake akuyendetsa ngati wathawa moto, ndipo iye kumbuyoko ankayankhula ndi munthu wosamudziwa kuti asagone. Anamufunsa za ana ake, za dzina la mkazi wake, za geti limene ankawotcherera. Munthuyo ankayankha mawu amodziamodzi, milomo itayera ngati phulusa. Pamene ankadutsanso pa njira imene wanjinga anaisiya ija, Nazilembo anaona ndi maso ake kutalika kwa mtunda umene zilembo zake zinamubera munthuyo.

Kuchipatala chenicheni anamwino anamulandira mothamanga n'kulowa naye. Panapita nthawi dokotala asanatuluke. Atatuluka anati munthuyo wataya magazi ambiri zedi, ndipo akanachedwa pang'ono pokha nkhani ikanakhala ina. Anati amene anamanga lamba uja anamanga bwino, mwendo upulumuka, ngakhale kuti mwini wake adzayenda ndi ndodo kwa miyezi. Anafunsanso ngati pali angapereke magazi. Nazilembo anapinda mkono wa diresi lake nthawi yomweyo. Mlamu wake, amene ankaseweretsa macheka tsiku ndi tsiku koma jakisoni ankamuopa ngati njoka, anatsatira pambuyo akuyang'ana kudenga.

Akutuluka m'chipinda chopereka magazi anapeza mkazi wa wovulalayo atafika, mwana ali kumsana, mpango uli pambali chifukwa chothamanga. Wanjinga anali atamufotokozera zonse. Mayiyo sanalire mokuwa. Anangofunsa anthu amene anali pa benchi kuti kodi amene amaika chipatala chabodza pamsewu wa anthu ndi ndani. Mlamu uja anatsegula pakamwa kuti anene za a filimu, koma Nazilembo anamugwira mkono. Anaima pamaso pa mayiyo, diresi la maukwati lija litauma gwa ndi magazi a mwamuna wa mnzake.

"Ndine, mayi. Ndinalemba ndine, ndipo anandiuza kuti ndichotse koma sindinachotse."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anaona magaziwo, anaonanso thonje limene linali pa mkono.

"Akuti munalemba bwino kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Mukanalemba moipa, bambo a mwanayu akanafika kuno magazi awo akadali m'thupi."

Nazilembo anayamikiridwapo ndi anthu ambiri pa moyo wake, koma kuyamikira kolasa chonchi anali asanakumvepo.

Anabwerera kumphambano kuja dzuwa likadalipo. Anapeza bambo ake atakhala pa kabokosi kamene anabwereka kwa mayi wa zipatso uja, msana atatsamira chitseko chokhoma, ndodo ili pamiyendo. Chakudya anali asanalawe. Anati abweza mayi wina amene anabwera ndi mwana wotentha thupi, n'kumulozera njira yoyenera, komanso mkulu wina wofuna kuchotsa dzino amene anakangana nawo kuti iwo ndi mlonda waulesi wosafuna kutsegula. Atamva kuti wovulala uja ali moyo anatseka maso kanthawi, n'kupuma mozama.

Nazilembo anaimika makwerero yekha. Anamasula mawaya mmodzimmodzi, mlamu wake akulandira kunsi, mpaka chipatala chonse chinatsika n'kugona chafufumimba m'pikiapu. Khoma linabwerera kukhala khoma la nyumba ya matumba. Atatsika anaima pamaso pa bambo ake, maso ali pansi ngati kamtsikana koswa mbale, kudikira mawu amene ankadziwa kuti akumuyenera.

"Mwana wanga," anatero mkuluyo, "ine ndalemba zikwangwani mpaka manja kutha, ndipo chimene ndinkafuna n'chakuti wodutsa akhulupirire zimene ndalemba. Apa sindinafikepo. Dzimbiri lija landinamiza ine amene, ndaima pansi pake. Dzanja lako landipitirira kutali." Anayang'ana madontho akuda amene anali pa fumbi. "Ndiye dzanja lotere sulisiya lokha pamsewu. Wolemba mokhotakhota angathe kuiwala thabwa lake chaka chonse, palibe amene angalimvere. Iwe ayi."

Kenako anapempha kuti amuthandize kuimirira, ndipo atagwira mkono wa mwana wake sanausiye mpaka kugalimoto. Ali m'njira anauza kalipentala uja, ngati kuti Nazilembo palibe, kuti lamba uja anamangidwa ndi munthu wa mutu, ndipo kuti pa ana ake onse uyu ndiye anatengera agogo ake aakazi kulimba mtima. Nazilembo anayang'ana kunja pa windo kuti asaonetse nkhope. Mawu amene anawadikira zaka zambiri anali atafika, koma anafika atasenza katundu.

Mayi Changu anamva nkhaniyi kuchokera kwa Nazilembo mwini wake, tsiku lomwelo, isanamupeze kudzera m'makamwa a ena. Kwa nthawi yoyamba mayi uja anakhala pansi. Anakalipa mawu olemera, ndipo anati mwini nyumba ija akamva sadzabwerekanso khoma lake kwa anthu a filimu. Nyengo yonse yotsatira foni ya kushedi inangoti zii. Ntchito zinkapita kwa anthu osindikiza ndi makina, ndipo Nazilembo anabwerera kulemba mitengo ya matayala pa sitolo ya kutsogolo ija. Sanadandaule kwa munthu. Loweruka lililonse ankapita kukaona wowotcherera zitsulo uja, poyamba kuchipatala, kenako kunyumba kwake. Mwamunayo anali wansangala, ankati ndi yekhayo m'dera lawo amene anagonekedwapo pa chipatala cha m'filimu. Mkazi wake ankalandira mlendoyo mwaulemu n'kumupatsa mpando, koma kuseka naye kunatenga nthawi yaitali kuposa kupola kwa bala.

Mvula itatha Mayi Changu anatulukira pakhomo la shedi, akuyankhula asanalowe n'komwe. Anati makina amalemba zoongoka koma sadziwa kukalamba, zikwangwani zawo zikuoneka ngati zabadwa dzulo, ndipo filimu yatsopano ikufuna msewu wathunthu wa zaka zakale, wokhala ndi hotela, telala ndi ofesi ya maloya. Za chipatala chija sanatchulepo. Nazilembo anapukuta manja, nafunsa kuti msewuwo dzuwa limauwomba kuchokera mbali iti.

Msewu umenewo unakhala ntchito yokongola kuposa chipatala chija, ndipo anthu a makamera ankajambulitsa pansi pa zikwangwanizo kuti akaonetse kwawo. Atamaliza kujambula tsiku lomaliza, onse atatopa, mkulu wina watsopano pa gululo anati zikhale kaye mpaka mawa, palibe chimene chingaonongeke ndi hotela yabodza. Anayankhula ndi msana wa munthu, chifukwa Nazilembo anali kale pamwamba pa makwerero, pulayala ili kukamwa. Anatsitsa hotela, natsitsa telala, natsitsa maloya, ndipo galimoto yake inali yomaliza kuchoka, iye atayenda msewu wonse wapansi kuona ngati patsala ngakhale chilembo chimodzi.

Anthu amati chikwangwani n'thabwa ndi penti. Koma amene amachilemba amadziwa kuti ndi pakamwa pa mmisiri, ndipo pamapitiriza kuyankhula mwini wake atapita kwawo, pakuuza aliyense wodutsa kuti lowa muno. Mmisiri akakhala waluso, mawu akewo amamveka patali ndipo amamveredwa. Nazilembo anasiya mawu ake pamphambano kuti adzamutamande, ndipo mawuwo anamulondola mpaka pa benchi la chipatala. Pajatu akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.